Mfuti Zikaleka Kulira: Tidziwa Bwanji Kuti Amayi ndi Ana Athandizikadi?

Nkhondo ikangotha, mabungwe othandiza amakhamukira kudera limene linali pamoto. Amatsegula malo olandirirapo ana amene anabedwa ndi zigawenga, amasakasaka makolo awo, amaphunzitsa amayi kusoka ndi kupanga sopo, amagawa mpamba wa geni, amatumiza alangizi kukacheza ndi amene anagwiriridwa. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ndalama zimatha, ndipo amalemba lipoti lopita kwa eni ndalamazo. Lipotilo limawerenga ana amene anaperekedwa m'manja mwa abale awo, amayi amene analandira makina osokera, ndi misonkhano imene inachitika m'midzi. Ziwerengerozo zikhoza kukhala zoona zonse, koma zimangotiuza zimene bungwe linachita. Sizitiuza ngati mwana uja akadali pakhomo pa abale akewo, ngati makina aja akusokabe kapena anagulitsidwa m'nyengo ya njala, ngati mayi uja amapita kuchitsime popanda kulozedwa chala.

Kauniuni weniweni amayambira pamenepa. Kuchokera mu 1996, pamene mayi Graça Machel anapereka ku United Nations lipoti lofotokoza zimene nkhondo imachita kwa ana, ofufuza akhala akutsata miyoyo ya amayi ndi ana ku Mozambique, ku Sierra Leone, kumpoto kwa Uganda ndi kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Zimene apeza sizigwirizana zonse, koma zikulozera kumodzi. Ntchito yothandiza iyenera kuweruzidwa ndi mmene moyo wa amayi ndi ana a m'deralo ulili patapita zaka, kuphatikizapo amene sanalembedwe n'komwe, ndipo muyeso wake uyenera kukhala umene eni akewo akuuzindikira.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Nkhondo ya ku Mozambique itafika pachimake, dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni m'maboma monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Lero msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994, uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mafunso amene ali m'munsimu ndi omwenso tiyenera kufunsa kumeneko.

Amene sanalowe m'kaundula

Nkhondo ya ku Sierra Leone inayamba mu 1991 n'kutha mu 2002. Pa ntchito yotula zida analembetsa anthu oposa 70,000, ndipo mwa iwo munali ana pafupifupi 6,800. Mwa anawo, atsikana anali pafupifupi 8 okha pa 100 alionse. Komatu aliyense amene anaiona nkhondoyo ankadziwa kuti m'magulu a zigawenga munali atsikana zikwizikwi. Ankaphika, ankasenza katundu, ankazonda adani, ambiri anakakamizidwa kukhala akazi a akuluakulu a nkhondo, ndipo ambirinso anawomberapo mfuti. Nanga anasowera kuti?

Ambiri anatsakamira pakhomo polowera. M'magawo oyamba a ntchitoyo munthu ankafunsidwa kubwera ndi mfuti ndi kuonetsa kuti amatha kuimasula n'kuimanganso. Akuluakulu a zigawenga ankalanda mfuti kwa atsikana n'kuzipereka kwa amuna amene iwo ankafuna kuti alandire thandizo. Atsikana ena sanamasulidwe ndi amene ankadzitcha amuna awo. Enanso anasankha okha kuzembera kumudzi mwakachetechete, poopa kuti akakaima pamzere wa olembetsa, mbiri yoti anali mkazi wa chigawenga iwamatirira moyo wawo wonse. Ku Mozambique nako, pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, asilikali oposa 90,000 anatula zida moyang'aniridwa ndi United Nations, koma ndondomekoyo sinakonzere ana malo. Susan McKay ndi Dyan Mazurana anasonkhanitsa umboni wa kusiyidwa kwa atsikana m'mayiko awiriwa ndi ku Uganda, n'kuusindikiza mu 2004. Patatha zaka zitatu, mu 2007, mayiko anagwirizana ku Paris kuti mwana aliyense amene gulu lankhondo linamugwiritsa ntchito, kaya pophika, posenza katundu kapena pogona naye, ayenera kuthandizidwa ngakhale sanagwirepo mfuti.

Wounika amene ayamba ndi kaundula wa bungwe adzangoona okhawo amene analowa. Akhoza kupeza kuti onsewo akupeza bwino, n'kulemba kuti ntchito yayenda, chonsecho ovutikitsitsa ali kunja. Kumpoto kwa Uganda, kumene gulu la Lord's Resistance Army la Joseph Kony linkaba ana kwa zaka pafupifupi 20, Jeannie Annan ndi Christopher Blattman anatenga njira ina. Pakati pa 2005 ndi 2007 anasankha mabanja mwamaere m'maboma a Kitgum ndi Pader, n'kufunsa kuti mu 1996 m'banja lililonse munali ana ati, kenako anawalondola kulikonse kumene anapita. Anapeza kuti pafupifupi theka la obwerera kuchokera kutchire sanadzere pa malo olandirirapo aja. Anangolunjika kwawo, ndipo m'mabuku a mabungwe munalibe maina awo.

Zikanakhala bwanji popanda thandizolo?

Mlimi akathira feteleza chaka chimene mvula yagwa bwino, n'kukolola zochuluka, sangadziwe kuti chamupindulitsa ndi chiti, pokhapokha ngati pali mbali ina ya munda imene sanathire. Mtendere pawokha umachiritsa zambiri. Misika imatsegulidwa, anthu amabwerera kuminda, ana amayamba kugona tulo osadzidzimuka. Choncho bungwe likayeza amayi poyamba ntchito, n'kuwayezanso pomaliza, n'kupeza kuti nkhawa zawo zachepa, silinatsimikizebe kuti lazichepetsa ndi ilo.

Ku Gorongosa, pakati pa dziko la Mozambique, Victor Igreja ndi anzake anayesa njira yoti munthu afotokoze zimene anakumana nazo pa nkhondo, zilembedwe, kenako amuwerengere. Amene anadzera m'njirayi anapezako bwino. Koma amene sanadzeremo anapezanso bwino mofanana. Pakanapanda gulu lachiwirili, zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2004 zikanapatsa njirayo ulemu chifukwa cha kusintha kumene kunafikira onse. Ku Sierra Leone, Macartan Humphreys ndi Jeremy Weinstein anacheza ndi anthu oposa 1,000 amene anamenya nawo nkhondo, n'kuyerekeza amene anadzera mu ndondomeko yotula zida ndi amene sanadzeremo. Sanapeze umboni wokwanira woti ndondomekoyo ndi imene inathandiza munthu kulandiridwa kumudzi. Chimene chinali ndi mphamvu kwambiri chinali khalidwe la gulu limene munthuyo anachokera: a m'magulu amene ankazunza kwambiri anthu wamba ndiwo ankavutika kulandiridwa.

Njira yodalirika yopezera gulu loyerekezera ndi ya maere. Ena imawaipira, amati angachitire bwanji maere anthu ovutika kale. Dandauloli ndi lomveka, ndipo pa chithandizo chopulumutsa moyo maere alibe malo. Koma pa ntchito zambiri ndalama sizikwanira onse nthawi imodzi, ndiye maere amangosankha oyamba, enawo n'kudzalandira pambuyo pake. Komanso maere sayang'ana nkhope, pomwe wolemba maina akhoza kukondera abale ake.

Njirayi yaonetsa zinthu zogwira mtima. Kum'mawa kwa Congo, Judith Bass ndi anzake a ku yunivesite ya Johns Hopkins, pamodzi ndi bungwe la International Rescue Committee, anayesa uphungu wa pagulu kwa amayi 405 amene anachitidwa nkhanza zogonana. M'midzi ina amayi ankakumana pagulu motsogozedwa ndi alangizi a m'dera lomwelo, osati madokotala, n'kumaphunzira kuunikanso maganizo odziimba mlandu ndi odziona opanda pake. M'midzi ina mayi aliyense ankatha kukaonana ndi mlangizi payekha monga kale. Patatha miyezi 6 chithandizo chitatha, amayi 9 okha pa 100 a m'magulu aja ndiwo anali ndi zizindikiro za matenda a nkhawa kapena kukhumudwa, pomwe kwa enawo anali 42 pa 100. Zotsatirazi, zimene zinatuluka mu 2013, zinatsimikiza kuti chithandizo chotere n'chotheka ngakhale kumene amayi ambiri sadziwa kuwerenga ndipo chitetezo sichinakhazikike.

Maere amaululanso amene sanapindule. M'misasa iwiri pafupi ndi Gulu ku Uganda, Paul Bolton ndi anzake anayesa njira ziwiri pa achinyamata 314 a zaka 14 mpaka 17. Uphungu wa pagulu unachepetsa kwambiri kukhumudwa kwa atsikana, koma kwa anyamata kusintha sikunaoneke bwino. Masewera ndi zojambula, zimene mabungwe ambiri ankazikonda, sizinachepetse kukhumudwa. Izi sizitanthauza kuti masewera ndi achabe kwa mwana wa mumsasa, koma kuti asalonjezedwe ngati mankhwala a nthenda imene sachiza. Zinaphunzitsanso kuti zotsatira za atsikana ndi za anyamata zizionedwa padera, poti zikasakanizidwa zimabisana.

Chuma, mtima ndi ulemu siziyendera limodzi

Kwa nthawi yaitali chithunzi chimene dziko linali nacho cha mwana wobwera kutchire chinali cha munthu wosokonekera mutu, woopsa, wokanidwa ndi abale. Kafukufuku wa Annan ndi Blattman uja anaonetsa china. Kuvutika kwakukulu m'maganizo kunalipodi, koma kunaunjikana pa amene anaona kapena kuchitidwa nkhanza zoopsa kwambiri. Chimene chinapweteka anyamata ambiri chinali sukulu imene inawadutsa ndi luso limene sanaphunzire, moti ndalama zimene ankapeza zinali zochepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi anzawo amene sanabedwe. Kwa atsikana kusiyanaku kunali kochepa, osati chifukwa zinkawayendera, koma chifukwa ngakhale amene sanabedwe analibe mwayi wa sukulu ndi ntchito. Amene anabwera ndi ana kumsana ndiwo sanabwerere n'komwe m'kalasi. Apa wounika ayenera kusamala: kufanana ndi anzako pa umphawi si kuchira.

Ndiye kodi mayi akapeza chuma, zina zonse zimatsatira? Mu 2009 bungwe la AVSI linayamba ntchito m'midzi 120 ya kumpoto kwa Uganda. Anthu 1,800 osaukitsitsa, ambiri a iwo amayi, anakonzedwa kulandira madola 150 aliyense, maphunziro a geni a masiku 5, ndi alangizi owayendera. Maere anasankha midzi yoyamba. Patatha miyezi 16, ndalama zimene olandirawo ankapeza pamwezi zinali pafupifupi kuwirikiza kawiri za amene ankadikirabe. Chimenechi ndi chipambano chachikulu, ndipo chinatsutsa amene ankati osauka akapatsidwa ndalama m'manja amangozimwaza. Koma ofufuza atayeza zina, anapeza kuti ufulu wa mayi wosankha zochita pakhomo sunasinthe kwenikweni, ndipo nkhanza za amuna awo sizinachepe. Anapezanso kuti maulendo a alangizi anadya ndalama zambiri kuposa mpamba weniweniwo.

Malipoti ambiri amatenga zonsezi n'kuzimanga mtolo umodzi, n'kunena kuti amayi atukuka. Umboniwu ukuti timasule mtolowo. Chakudya cha pakhomo, mtendere wa mumtima, chitetezo ku nkhanza, sukulu ya ana ndi ulemu pamudzi, chilichonse chiyezedwe pachokha. N'chifukwa chake chipatala cha Panzi ku Bukavu, kum'mawa kwa Congo, chimene Dr Denis Mukwege anayambitsa mu 1999, sichimalekezera pa opaleshoni. Chimaperekanso uphungu, thandizo la zamalamulo ndi njira zopezera ndalama, podziwa kuti bala la thupi likhoza kupola mayiyo akadali wopanda pogona.

Muyeso wake waika ndani?

Mafunso ambiri oyezera thanzi la m'maganizo anakonzedwa ku Ulaya ndi ku America. Akhoza kuthandiza, koma akangotengedwa mmene alili amayeza zimene wofunsa akuziyesa vuto. Asanayambe ntchito ya ku Gulu ija, ofufuza anayamba acheza ndi achinyamata ndi makolo a mtundu wa Acholi, kuwafunsa mavuto amene ana awo ali nawo ndi mmene amaonekera. Anthuwo anafotokoza za mwana woganiza mopitirira, wokhala yekhayekha atagwira tsaya, wosafuna kudya, wosapereka moni. Mafunso oyezera anamangidwa pa zizindikiro zimenezi, ndiye kusintha kumene kunapezeka kunali kusintha kumene kholo likhoza kukuona ndi maso ake.

Ku Sierra Leone, Lindsay Stark ndi Alastair Ager anafunsa atsikana obwera kunkhondo ndi anthu a m'midzi yawo kuti mtsikana amene wakhazikikadi amadziwika bwanji. Mayankho sanali a satifiketi ya zosoka. Anatchula banja labwino, kuitanidwa ku zochitika za pamudzi, kuloledwa m'mwambo wa amayi wa Bondo, ndi kukhala ndi mutu wokhazikika. Ku Mozambique, Alcinda Honwana analemba za miyambo yoyeretsa obwera kunkhondo: kutentha zovala zimene anabwera nazo, kusamba mankhwala, kupepesa mizimu. M'madera ambiri mwambo ukatha nkhaniyo sinkakambidwanso, ndipo munthuyo ankayambanso kudya ndi anzake. Wounika amene amangowerenga maola a uphungu sangaone n'komwe ntchito yaikulu imene mabanja ndi asing'anga anagwira.

Komabe muyeso wa pamudzi nawo uli ndi minga yake. Mwambo wa Bondo umaphatikiza mdulidwe wa atsikana, umene umawavulaza. Banja likakhala chizindikiro cha kuchira, mayi amene wapirira mwamuna wankhanza adzawerengedwa kuti ali bwino, ndipo amene wasankha kukhala yekha ndi ana ake adzawerengedwa wolephera. Ndiye funso silithera pa kufunsa anthu a pamudzi. Tifunsenso kuti tafunsa ati. Zimene mfumu ndi akuluakulu anganene pabwalo zikhoza kusiyana ndi zimene amayi achitsikana anganene ali okhaokha.

Ntchito imene inayesa kuika amayiwo patsogolo inachitika pakati pa 2006 ndi 2009 ku Liberia, Sierra Leone ndi kumpoto kwa Uganda. Amayi achitsikana 658, ena obwera kunkhondo ndipo ena ovutika chabe a m'midzi yomweyo, ankakumana m'magulu, kutchula okha mavuto awo, kusankha chochita, ndi kudziunika okha ngati zikuyenda. Ena anayamba geni, ena ulimi wa pagulu, ena masewero ophunzitsa anthu za kuipa kwa kusalana. Ambiri ananena kuti ubale wawo ndi abale komanso anansi unakonzeka. Kwa iwo, kuchira kunali kutha kudyetsa mwana ndi kuonedwa ngati mayi pakati pa amayi anzawo.

Tayeza liti?

Ntchito zambiri zimaunikidwa mwezi womwe zikutsekedwa, chifukwa ndi pamene ndalama zilipo ndipo eni ndalama akufuna lipoti. Koma moyo wa mwana wa zaka 12 sungaweruzidwe ali ndi zaka 14.

Mu 1988 anyamata 39 amene anali m'manja mwa zigawenga za Renamo za ku Mozambique anasonkhanitsidwa pa malo a Lhanguene ku Maputo. Neil Boothby, amene ankagwira ntchito ndi bungwe la Save the Children, anatsata miyoyo yawo kwa zaka 16. Ambiri anakula n'kukhala abambo odalirika, osamala mabanja awo ndi olemekezeka pamudzi, ngakhale zokumbukira zowawa sizinawachoke. Zimene zinaoneka kuti zinawathandiza zinali kulandiridwa ndi abale, miyambo yoyeretsa, kuphunzira ntchito za manja kwa amisiri a m'deralo, ndi kukonzekeretsa mudzi mwanayo asanafike. Kafukufukuyu anachotsa mantha oti ana otere ndi mbadwo wotayika. Koma anali wa anyamata okhaokha, ndipo za atsikana a nkhondo yomweyo palibe amene anazitsata motero. Ku Sierra Leone, Theresa Betancourt anayamba mu 2002 kutsata anyamata ndi atsikana omwe, ndipo anapeza kuti zimene zimachitika nkhondo itatha zili ndi mphamvu yaikulu: kusalidwa kumakulitsa bala, pomwe kulandiridwa ndi kukhalabe pasukulu kumateteza.

Nthawi ikhozanso kufafaniza chipambano. Mu 2008 boma la Uganda linapereka ndalama ku magulu a achinyamata a kumpoto kuti aphunzire ntchito za manja ndi kugula zipangizo. Patatha zaka 4, olandira ankapeza ndalama zoposa anzawo ndi 38 pa 100. Patatha zaka 9, anzawo aja anali atawapeza. Thandizolo linawafulumizitsa, ndipo zaka zimene anakhala ndi chakudya chokwanira si zachabe, koma silinawasiyanitse mpaka kalekale.

Chitsanzo chimene chiyenera kutiganizitsa kwambiri ndi cha ana amene anadzera pa malo olandirirapo a bungwe la GUSCO ku Gulu. Mfundo imene mabungwe onse ankatsata inali yoti mwana abwezedwe kwa abale ake mwamsanga, ndipo akangoperekedwa, fayilo yake inkatengedwa ngati yatha bwino. Ochepa okha ndiwo anayenderedwanso. Patapita zaka zambiri, Tim Allen wa ku London School of Economics pamodzi ndi ofufuza a mtundu wa Acholi anatenga mafayilo aja n'kuyamba kufunafuna eni ake. Zimene anasindikiza mu 2020 ndi zomvetsa chisoni. Ambiri anafotokoza za kunyozedwa ndi kuzunzidwa ndi abale omwe anawalandirawo, makamaka amayi amene anabwera ndi ana. Kwa Aacholi mwana amapeza malo olima kudzera kuchimuna, ndiye mwana wobadwira kutchire, amene bambo ake sakudziwika kapena akukanidwa, amasowa poima.

Kodi izi zikutsutsa kafukufuku wa Annan ndi Blattman uja, amene anapeza kuti ambiri analandiridwa? Ndikuona kuti onse awiri ananena zoona za nthawi yawo. Woyamba anachitika anthu akadali m'misasa, akudya chakudya chogawidwa, nkhani ya malo isanabuke. Nkhondo itazirala mu 2006 anthu n'kubwerera kumidzi, munda unakhala chuma chenicheni, ndipo funso loti mwana uyu ndi wa ndani linakula mphamvu. Komanso magulu ofunsidwa anali osiyana, ndipo zimene mayi angauze mlendo pa kucheza kwa tsiku limodzi si zimene angauze munthu amene wamuzolowera. Apa m'pamene mafunso a chiwerengero ndi kucheza kozama zimafunikirana. China chimatiuza kukula kwa vuto, china chimatiuza zimene anthu ankabisa.

Tavulaza ndani?

Funso limene malipoti amalizemba kwambiri ndi loti thandizolo linapweteka ndani. Thandizo likalunjika kwa obwera kutchire okha, amene anatsala pamudzi n'kuphedwera abale amaona ngati wolakwa ndiye akupatsidwa mphoto, ndipo mkwiyo wawo umagwera mwana yemwe tikufuna kuti alandiridwe. Kum'mawa kwa Congo, ofufuza angapo analemba kuti ndalama zitachuluka pa nkhani ya kugwiriridwa n'kuchepa pa zaumoyo zina, amayi ena osauka ankakakamizika kudzitchula ogwiriridwa kuti apeze chithandizo chaulere. Mlandu si wa amayiwo, ndi wa ndondomeko imene imatsegula khomo limodzi lokha. Zoterezi zimasokonezanso ziwerengero zimene wounika akudalira. N'chifukwa chake mfundo za ku Paris zija zimalimbikitsa kuthandiza ana onse ovutika a m'dera, osati okhawo ovala dzina linalake.

Pali choipa choposa apa. Mu 2002 lipoti la UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa nkhondo, ndi Save the Children linaulula kuti m'misasa ya ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone ena ogwira ntchito zothandiza ankagona ndi atsikana posinthana ndi chakudya ndi zinthu zina zogawidwa. Kauniuni amene sapereka mpata woti mtsikana adandaule mwachinsinsi, kwa munthu amene si wa bungwelo, sangazimve zoterezi.

Kufunsa kwenikweniko kukhozanso kuvulaza. Mayi amene wafotokoza za kugwiriridwa kwake kwa alendo osiyanasiyana, aliyense ndi kope lake, n'kusaona chosintha, watengeredwa kanthu. Mu 2007 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo pa nkhaniyi: osafunsa ngati palibe chithandizo choti wofunsidwayo akalandire, kusunga chinsinsi, kupempha chilolezo chenicheni, ndi kuonetsetsa kuti phindu la kufunsako likuposa ngozi yake. Chilolezocho n'chovuta pamene wofunsa wafika pa galimoto ya bungwe limene limagawa chakudya. Ndani angakane, ndipo ndani anganene kuti thandizolo silinamuthandize?

Zoyenera kusintha

Si zonse zimene zingayezedwe ndi maere. Mu 2021 khoti la International Criminal Court linapeza Dominic Ongwen, mkulu wa asilikali a Kony amene nayenso anabedwa ali mwana, wolakwa pa milandu yophatikizapo kukwatira akazi mokakamiza. Mu 2024 linalamula chipukuta misozi cha ma euro oposa 52 miliyoni kwa anthu pafupifupi 50,000. Chilungamo chotere ndi ufulu wa olakwiridwa, sichidikira umboni woti chimachepetsa nkhawa. Komabe ngakhale pamenepa mafunso aja sachoka: zafika kwa ndani, zafika liti, ndipo watsala ndani?

Kuchokera pa umboni wonsewu, ndikuona zinthu zingapo zimene boma lililonse lolandira mabungwe, ndi aliyense wopereka ndalama, ayenera kuumirira. Kauniuni akonzedwe ntchito isanayambe, ndipo ayambire pa anthu onse a m'dera, osati pa kaundula wa bungwe. Pakhale gulu loyerekezera paliponse pamene n'zotheka popanda kumana munthu chithandizo chofunika msanga. Amayi ndi ana atengepo mbali posankha zoyeza, ndipo afunsidwe paokha. Gawo la ndalama lisungidwe kuti wina adzabwerere patatha zaka 5 kapena 10, ndipo wobwererayo asakhale wodya za bungwe limene akuliunika. Ofufuza a m'dzikomo, amene amadziwa chiyankhulo ndipo sachoka ntchito ikatha, akhale otsogolera, asamangokhala otanthauzira ndi onyamula mafomu.

Chovuta kwambiri ndi kusindikiza zimene zalephereka. Bungwe limaopa kuti likanena zoona litaya ndalama, ndipo mantha amenewa adzatha pokhapokha opereka ndalama ataleka kulanga onena zoona. Zambiri zimene tikudziwa lero tinazidziwa chifukwa wina analimba mtima n'kulemba kuti njira iyi sinathandize anyamata, mpamba uwu sunathetse nkhanza, ana awa sanalandiridwe. Kubisa zoterezi kumachititsa kuti cholakwika chomwecho chikabwerezedwe ku Cabo Delgado, ku South Sudan kapena ku Dzaleka, pa amayi ndi ana ena. Ndipo zotsatira zikatuluka, zabwino kapena zoipa, oyamba kuzimva akhale amene anayankha mafunsowo, m'chiyankhulo chawo, pamudzi pawo, kuti nawonso athe kunena ngati wolembayo wanena zoona za moyo wawo.